Mwala wa Apongozi ndi Bafa la a Thovu

Pali anthu ena amene Mulungu anawaumba atavula kale maovolosi, ndi dothi lotsalira m'zikhadabo. A Thovu anali a gulu limenelo. Musandimve molakwa, munthuyo anali wathunthu: miyendo iwiri, makutu awiri, mphuno pamalo pake. Chimene anaiwala kumuikira ndi kawaya kolumikiza makutuwo ndi ubongo. Mawu ankalowa khutu ili, kupereka moni, n'kutulukira linalo osapempha ndi mpando womwe.

Dzina la Thovu analitola kotsukira magalimoto, kuseri kwa depoti ya mabasi, kumene anathera unyamata wake wonse. Kumeneko anali bwana wosasankhidwa. Anzake ankatsuka galimoto, iye ankaikwirira. Akathira sopo m'ndowa n'kulowetsamo payipi, thovu linkakwera mpaka mwini galimoto kuyamba kufunsa odutsa ngati aona kumene yalowera. Chiphunzitso chake chinali chimodzi, ndipo ankachilalikira kwa aliyense, ngakhale kwa agalu obwera kudzamwa m'ngalande:

"Madzi opanda thovu ndi madzi akufa. Ukaona thovu, dziwa kuti ntchito ikugwirika."

Kumeneko n'kumenenso anadziwana ndi apongozi ake, asanakhale apongozi. Mkuluyo anali dalaivala wa basi ya maulendo ataliatali, munthu wa mimba yoyamba kufika pachiwongolero mwini wake akadali pakhomo. Ankabwera ndi basi ili matope okhaokha, kutsika, kuloza ndi kiyi, n'kunena mawu ake omwewomwewo: "Iwe wapayipi, matayala." Tsoka silinunkha. Mwana wawo wamkazi, amene ankawabweretsera chakudya kudepoti, tsiku lina anakweza maso n'kuona Thovu ataima padenga la basi, ali mbee ngati mngelo wogwera m'fakitale ya sopo. Mtima wa mtsikana unagwa pomwepo. Amati chikondi chilibe maso, koma chimenechi chinalibenso achibale ochilangiza.

Ukwati unachitika. Ana anabadwa. Tsitsi la Thovu linayamba kusamuka pakati pamutu. Mkulu uja anapuma pantchito. Koma zaka zonsezo sanatchulepo mawu akuti "mkamwini wanga." Pamaliro, paukwati, alendo akafunsa kuti kodi bambo awa ndi ndani, ankayankha akuyang'ana kumbali ngati akuonetsa mbuzi yoba: "Ndi wapayipi uja."

Chimenechi chinkamudya Thovu ngati chiswe m'denga. Sankalota nyumba ya malata, sankalota galimoto. Ankangofuna kuti tsiku lina, pagulu la anthu, pakamwa pa mkuluyo patuluke mawu akuti uyu ndi mkamwini wanga. Basi. Akatero, imfa ibwere ikafuna.

Ntchito ya kuchipatala inamupeza chonchi. Chipatala china chinalandira makina akale ophwanyira miyala ya mu impso, amene eni ake anali atatopa nawo. Pankafunika munthu wodzaza bafa, kulikhuthula, kulikwecha ndi kukolopa pansi. Wina wa m'kwaya anauza mlamu wake, mlamuyo n'kunong'oneza akuluakulu kuti alipo munthu amene wakhala m'madzi moyo wake wonse. Thovu analembedwa. Anamupatsa jombo zoyera ndi jekete loyera lofika m'mawondo, ndipo kuyambira tsiku limenelo msewu unayamba kumuchepera.

Makinawo, tinene chilungamo, anali odabwitsa. M'chipinda cha matailosi obiriwira munali chibafa chachitsulo, chachikulu ngati chomwera ng'ombe. Pamwamba pake pankalendewera mpando wa malamba, wotsitsira wodwala m'madzi mpaka m'khosi ngati nkhuku yopita kokasosoledwa. Pansi pa bafalo panali mbale yachitsulo yozama, yooneka ngati dzira lodulidwa pakati, ndipo m'mbalemo munali pulagi, mkulu wake wa pulagi ya galimoto. Pulagiyo ikathetheka, m'madzimo munkaphulika kamphenzi: pha! Kuphulikako kunkathamangira mbali zonse, kugunda makoma a mbale, n'kubwerera konse kukakumana pamalo amodzi ang'onoang'ono ngati nsonga ya chala. Pamalo pamenepo mphamvu yake inali yoti ngakhale mwala unkalapa machimo. Ntchito ya adokotala inali kusuntha wodwala mpaka mwala wa mu impso ukhale pomwepo ndendende. Thupi la munthu ndi madzi okhaokha, choncho funde la kuphulikako linkangodutsa mnofu ngati mlendo wodziwa njira. Koma likafika pamwala, pha, pha, pha, kambirimbiri, mwala unkasanduka mchenga woti munthu akataye yekha kuchimbudzi.

Mwini chipindacho anali namwino wamkulu, mayi wamfupi wa wotchi pachifuwa, amene chipatala chonse chinkamutcha Mayi Musakhudze. Tsiku loyamba anamuimika Thovu pafupi ndi bafa.

"Tamverani, a Thovu. Madzi a m'bafa ili sachokera pampopi n'kugwera muno ayi. Amayamba alowa m'thanki iyo, makina awachotse mpweya wonse, agone, akhale zii. Mdani wa funde ndi mpweya. Kathovu kamodzi kali ngati pilo, funde likagunda pamenepo limafera pomwepo. Mwamva?"

"Ndamva, mayi."

"Mwamva chiyani?"

"Kuti madzi ndi ofunika."

Mayi Musakhudze anayang'ana kudenga, kumene anamwino onse amasungira mapemphero awo.

"Sopo asayandikire muno. Payipi ndi yokolopera pansi. Mukakhudza china chilichonse ndikudulani zala n'kuziika m'botolo."

"Zikomo, mayi."

Mumtima Thovu anawamvera chisoni. Mayi wophunzira chonchi, wonyamula wotchi pamtima, koma madzi osawadziwa! Kuchotsa mpweya m'madzi? Nanga munthu ukamuchotsa mpweya timamutcha chiyani? Si maliro amenewo? Komabe zala zake ankazikonda, choncho ankachita zimene anauzidwa. M'mawa uliwonse ankatsegula thanki, madzi n'kutsikira m'bafa mwakachetechete ngati anthu ochokera kumanda, iye ataima pambali, akupukusa mutu.

Zimene ankalephera kulankhula kuchipatala ankakazitula kwa wometa wa pakona. Jekete loyera sankalisiya kuntchito. Ankakwera nalo minibasi, cholembera chosalemba chili pathumba, ndipo kondakitala akamutcha adokotala sankakana, ankangotsokomola mwaulemu.

"Lero zinali bwanji, adokotala?" wometa ankamuputa dala, akutsinzinira anthu a pabenchi.

"Musanene. Taphwanya miyala yodzaza wilibala. Wina anali ndi mwala woti mukanamangira chimbudzi."

"Koma ndiye muli ndi mphamvu."

"Si mphamvu, achimwene, ndi sayansi. Ine ndimasunga mphenzi m'bafa."

"Ndiye mphenziyo mumaidyetsa chiyani?"

"Magetsi."

"Magetsi akazima imagona ndi njala?"

Benchi yonse inkagwa ndi phwete, Thovu n'kumaseka nawo, poganiza kuti akuseka umbuli wa wometa. Amayi a mumsewu anayamba kumubweretsera ana a zidzolo ndi a chifuwa. Iye ankawagwira pamphumi, kuyang'ana kutali ngati akumva mawu ochokera kumwamba, n'kulamula mankhwala ake amodzi omwewo: "Musambitseni. Ndi sopo wambiri."

Kunyumba mkazi wake ankangoti, "Inu bambo a ana, vulani jeketelo, mukudya."

"Akandiitana mwadzidzidzi?"

"Akuitanani ndani? Mopu?"

Nkhani ya jekete itafika kwa apongozi, mkuluyo anatsitsa wailesi n'kufunsa modabwa kwenikweni: "Wapayipi wasamukira kuchipatala? Kodi odwala a masiku ano ali ndi matayala?"

Koma thupi silisunga chinsinsi mpaka kalekale. Mkuluyo anayendetsa basi moyo wake wonse osamwa madzi, poopa kuima panjira. Ankanyadira kuti chikhodzodzo chake chimamvera ndandanda ya kampani. Impso zinangomuyang'ana, n'kumasonkhanitsa mchenga pang'onopang'ono ngati munthu wokonzekera kumanga. Tsiku lina masana, akuthirira maluwa, ululu unamugwira m'chiuno. Munthu amene sanalire ngakhale pamaliro a mayi ake anagubuduka pakapinga akuitana mayi akewo. Kuchipatala anamujambula, n'kupeza mwala uli phee mu impso ya kumanzere. Anati sachita kung'amba, apita kubafa.

Mkazi wa Thovu anabwera ndi uthengawo akulira.

"Bambo akudwala, inu mukumwetulira?"

"Sindikumwetulira, mayi a ana. Ndi nkhope ya ntchito."

Ankamwetulira. Mano onse anali panja, ndi ochotsedwa omwe. Mkulu amene anamutcha wapayipi theka la moyo wake ankabwera yekha, atamangidwa malamba, kudzatsitsidwa m'bafa lake. Tsiku limenelo mkuluyo adzaona. Adzatuluka m'madzimo akudziwa kuti mwana wake sanakwatiwe ndi munthu wamba.

M'mawa wa tsikulo Thovu analawirira, jekete litasitidwa mpaka kuima lokha. Anatsegula thanki monga mwa masiku onse, madzi n'kudzaza bafa. Anaima n'kuwayang'ana. Anali duu, osagwedezeka, oonekera mpaka pansi, opanda fungo, opanda moyo. Madzi ogona. Madzi adzulo.

Apa ubongo wa a Thovu, umene unali patchuthi chiyambire, unaganiza zobwera kuntchito.

Apongozi a munthu, bambo wobereka mkazi wako, agogo a ana ako, ungawalowetse m'madzi ogona? Ngakhale mlendo wongopempha njira sumupatsa madzi adzulo osamba. Odwala wamba a pabenchi, chabwino, sadziwa kanthu. Koma mkulu amene anaona ndi maso ake mmene basi imawalira ikachoka m'manja mwa Thovu? Akalowa m'madzi akufawa adzati chiyani? Adzati wapayipi ngakhale payipi yomwe yamukanika.

Anazula chotsekera. Madzi amene makina anavutika nawo kuwachotsa mpweya anapita kungalande akung'ung'udza. Anakoka payipi yokolopera, kutsegula mpopi mpaka kumapeto, kuika chala chachikulu kukamwa kwa payipi monga amachitira akatswiri, madzi n'kumalowa m'bafa akulira ngati mvula ya padenga. Anasakaniza ndi otentha, akuyesa ndi chigongono. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa chuma chimene anachisunga chichokereni kudepoti: botolo la sopo wa magalimoto, wapinki, wonunkhira maswiti, amene ankasambitsira magalimoto a maukwati okha. Anathira kapu imodzi. Anaganizira ukulu wa apongozi, n'kuthira botolo lonse. Anavundula ndi mtengo wa mopu, thukuta lili kamukamu, mpaka madzi anayera ngati mkaka, thovu n'kukwera pamwamba ngati mtambo.

Anabwerera m'mbuyo, misozi ili lengelenge. Chimenecho ndiye chinali bafa.

Kenako anakumbukira botolo lina, loikamo zala lija.

Koma chitsiru chikapanikizika chimachenjera kuposa loya. Anathamangira kokhala nsalu, n'kutenga chinsalu chachikulu chobiriwira, kuchiyala pamwamba pa bafa lonse, kuchikokera m'mbali bwinobwino ngati tebulo la phwando.

Mayi Musakhudze analowa, n'kuima.

"Chinsalu ichi n'chachiyani?"

Thovu anagwira manja kumbuyo, n'kuweramitsa mutu.

"Mayi, wodwala wa leroyu ndi apongozi anga. Maso angawa sangaone zimene anaona apongozi aakazi okha."

Kwa nthawi yoyamba chimangidwireni chipatalacho, nkhope ya Mayi Musakhudze inafewa.

"Kani muli ndi ulemu, a Thovu. Anyamata a masiku ano akanangoti tong'o. Nanga fungoli?"

"Ndakolopa mwapadera, mayi."

"Mwachita bwino."

Anabwera nawo apongozi pa kabedi ka matayala, atawabaya kale jakisoni wochepetsa ululu, maso ali lobodo. Anawakhazika pampando wa malamba. Pamene Mayi Musakhudze anali kalikiliki ndi mawaya a pachifuwa ndi makina owerenga mtima, Thovu anakweza chinsalu ngati katani, nkhope atatembenuzira kukhoma, mpando n'kutsika kuseri kwake. Anachikulunga msangamsanga m'khosi mwa mkuluyo, kungotsala mutu wokha pamwamba ngati dzungu la pamsika.

Mkuluyo anamva kufunda. Anamva kufewa. Ananunkhiza.

"Mmm," anatero.

Thovu anatsala pang'ono kukomoka. M'zaka zonse za ukwati wake, amenewo ndiwo anali mawu okoma kwambiri amene anawamvapo kuchokera kwa apongozi.

Adokotala analowa chakumapeto. Anali munthu wosaona anthu. Ankaona zithunzi. Ankalowa maso ali pakanema wa pakona, kukhala pampando wake wozungulira atafulatira bafa, n'kutuluka maso ali pafoni. Mukanawaikira mbuzi m'bafamo akanaiphwanya mwala, bola ioneke bwino pakanema. Anasuntha mpando wa wodwala ndi timabatani, uku pang'ono, uko pang'ono, mpaka kamthunzi ka mwala kanakhala pakati pa mtanda.

"Tiyambe."

Masiku onse makinawo akayamba, phokoso lake linkakhala ngati munthu akukhoma chitsulo ndi hamala, ndipo wodwala, jakisoni ali m'thupi, ankadzidzimukabe ndi kuphulika kulikonse ngati akumuwombera ndi legeni pamsana. Ena ankaimba nyimbo za kutchalitchi. Ena ankaulula zinthu zimene sanafunsidwe.

Tsiku limeneli makina anati: fu.

Fu. Fu. Fu. Ngati munthu akupuntha matiresi kuseri kwa nyumba.

Mphenzi inkaphulika ndithu pansi pa mbale, funde n'kunyamuka ndi ukali wake wonse kupita kukakumana pamwala. Koma panjira linkapeza timathovu ta mpweya tosawerengeka, tonse titagwirana manja ndi sopo, ndipo kalikonse kankalilanda kamphamvu pang'ono ngati mabwana a pamsewu. Pofika pa impso linali litasanduka moni.

Apongozi anayamba kuliza mkonono.

Thovu anatulutsa chifuwa. Anayang'ana Mayi Musakhudze ndi diso lakuti mwaona? Odwala anu a madzi akufa amalira, wanga wagona ngati khanda.

Adokotala anasendera pafupi ndi kanema. Mwala unali pompo, wathunthu, ngati mlendo wokana kutsanzika.

"Mwala wouma uwu. Onjezerani mphamvu."

Anaonjezera. Fu! Fu! Fu!

"Onjezeraninso."

Tsono sopo wa magalimoto a maukwati si sopo wamasewera. Kuphulika kulikonse kunkamuvundula, iye n'kumayankha. Chinsalu chinayamba kutukumuka pakati, pang'onopang'ono, ngati chili ndi pathupi. Kenako thovu linasuzumira m'khosi mwa apongozi, kukwera kuchibwano, n'kuwaveka ndevu zoyera za mneneri. Lina linatulukira kumiyendo, kutsetsereka m'mbali mwa bafa, kufika pansi, n'kuyamba ulendo wodutsa matailosi mosafulumira, ngati likudziwa kumene likupita. Linakaima pa nsapato za Mayi Musakhudze.

Mayiwo anayang'ana pansi. Anayang'ana bafa. Anazimitsa makina. Anayenda mwakachetechete, kugwira nsonga ya chinsalu ndi zala ziwiri, n'kukoka.

Thovu lonse limene linapanikizidwa m'menemo linadzuka ngati mpingo poimba nyimbo yotsekera. Apongozi anasowa. Kunangotsala mphuno.

Mkonono unkamvekabe kuchokera mumtambo.

"A Thovu."

"Mayi."

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi ulemu, mayi."

"Madzi a m'thanki ali kuti?"

"Anali ogona, mayi. Ndawataya."

"Mwawataya."

"Apongozi sangasambe madzi adzulo. Ngakhale inuyo, apongozi anu..."

"Apongozi anga muwasiye kumene ali! Ndinakuuzani chiyani za mpweya, bambo inu? Ndinakuimikani pompano ngati mwana wa sukulu!"

"Munati funde limaukonda ngati pilo."

 Apa mpando wozungulira unalira, adokotala n'kutembenuka. Akuti chiyambireni ntchito m'chipindamo kanali koyamba. Anayang'ana mtambo, anayang'ana mphuno, anayang'ana munthu wa jombo atagwira mopu ngati mfuti ya pa perete.

"Bambo awa ndi ndani?"

"Ndi wodzaza bafa, adokotala."

"Timakhala naye muno?"

Jekete analivula pomwepo, lisanazizire n'komwe. Jombo anazisiya pakhomo. Cholembera anamulola kutenga, poona kuti sichilemba. Anabwerera kunyumba wapansi, podutsa njira ya kuseri kuti wometa asamuone, koma wometa anali atamva kale, chifukwa nkhani yoipa siyembekeza minibasi. Anamukuwira chapatali:

"Adokotala! Tamva kuti mphenzi yamira!"

Apongozi anawatsukuluza ndi madzi ambiri ngati kapeti, n'kuwauza kuti abwerenso. Pulagi ndi mbale anazikwecha masiku angapo kuti sopo achoke. Ulendo wachiwiri bafa linadzazidwa ndi mayi wina wachete, womva zimene wauzidwa. Madzi anali ogona, akufa, oonekera mpaka pansi. Makina anati pha! ndipo funde lonse linafika pamwala lathunthu, lopanda womulanda panjira. Mkuluyo anakuwa. Anaitana mayi ake, anaitana makondakitala onse amene anagwirapo nawo ntchito, analonjeza Mulungu kuti adzayamba kumwa madzi ndi ndowa. Mwala unasweka. Masiku otsatira anautulutsa pang'onopang'ono, atagwira khoma la chimbudzi, akutukwana mchenga uliwonse paokha. Kenako anachira.

Atachira, abale ndi anansi anasonkhana kudzawaona. Thovu anakana kupita.

"Mukawauze kuti ndamwalira."

"Mukawauza nokha," anatero mkazi wake. "Munawasambitsa nokha. Valani malaya."

Anafika pabalaza podzaza anthu. Thovu anakhala pansi pafupi ndi chitseko, pambali pa nsapato za alendo, pamalo poti zikavuta athawe. Apongozi anali pampando wawo waukulu, botolo la madzi lili pamwendo, akufotokoza za ulendo wawo wa kuchigwa cha imfa.

"Zipatala za masiku ano ndi nkhanza zokhazokha," anatero. "Ulendo wachiwiri uja anandimenya ngati bulu wakuba chimanga. Madzi ake opanda ndi sopo yemwe, ngati akuviika chikopa. Koma ulendo woyamba, pamene panali munthu wodziwa ntchito, sindinamve ngakhale kuluma kwa udzudzu. Ndinagona tulo timene sindinagonepo chikwatirireni. Ndinatuluka ndikununkhira, khungu lili see. Akazi anga anandifunsa kuti mwachokera kwa ndani."

Anthu anaseka. Thovu anakweza mutu pang'ono, ngati kamba woyesa nyengo.

Mwana wa mlongo wake wa mkuluyo, mphunzitsi wa sekondale, munthu wodwala matenda okonza zolakwa za anthu, anatsokomola.

"Komatu amalume, mwalawo unasweka ulendo wachiwiri. Woyambawo thovu lija ndi limene linatchinga..."

"Iwe, unayendetsapo basi?"

"Ayi, koma sayansi yake..."

"Unayendetsapo basi, ndikufunsa?"

"Sindinayendetsepo."

"Ndiye khala chete. Matope ouma a pabasi sumayamba ndi kuwamenya. Umayamba wawanyika ndi sopo, afewe, kenako ndiye payipi. Mwala uja unasweka chifukwa unali utanyikidwa kale. Anthu aja anangobwera kudzamaliza ntchito ya mnzawo, atamuchotsa chifukwa cha nsanje. Ngati ukutsutsa, funsa mkamwini wangayu. Ali kuti? N'chifukwa chiyani mkamwini wanga wakhala pa nsapato? Mupatseni mpando!"

Mphunzitsi anachotsedwa pampando. Thovu anadzuka, kudutsa pakati pa anthu, n'kukhala. Analira. Analira ndi mamina omwe, mpaka azakhali ena anayamba kulira nawo poganiza kuti pabwera uthenga wa maliro. Munthu anachotsedwa ntchito, anawonongetsa tsiku lonse la chipatala, anachedwetsa kuchira kwa wodwala, ndipo mphoto yake inali chinthu chokhacho chimene anachifuna padziko lapansi. Amene mumalimbikira sukulu, pitirizani, ife sitikuletsani.

"Ndipo kuyambira lero," anapitiriza mkuluyo, akupukuta pakamwa, "thupi langali silikhudzidwanso ndi madzi osadziwa. Madokotala anena kuti mwala umatha kubweranso. Tiziunyikiratu. Mkamwini, uzibwera m'mawa uliwonse. Nanga si ntchito ulibe?"

Choncho ndi mmene zilili mpaka lero. Thovu amadzuka nkhuku zisanaganize, kupita kwa apongozi, kuwiritsa madzi, kuvundula sopo m'chibeseni, n'kukwecha msana wa mkuluyo nkhope atatembenuzira kukhoma, khosi mpaka linapindikira komweko. Mbiri inafalikira kwa madalaivala anzawo opuma, anthu a impso zokayikitsa okhaokha, ndipo Loweruka amakhala pamzere pakhonde, aliyense ndi thaulo lake paphewa, kudikira kunyikidwa. Salipira. Munthu sulipira kwa mkamwini wa mnzako.

Mawu aja tsopano amamveka tsiku lonse, kudumpha mipanda. "Mkamwini, madzi azizira!" "Mkamwini, sopo walowa m'maso!" "Mkamwini, pakati pa zala!" Ana a mumsewu amayesa kuti ndi dzina lake la ubatizo. Mkuluyo anamuguliranso foni n'cholinga chimenecho, ndipo imalira ngakhale Thovu ali kuchimbudzi.

Tsiku lina inalira banja lili pa chakudya, chimene masiku ano chimabwera ndi malonda a mkazi wake okha. Thovu anaiyang'ana, n'kuikankhira pansi pa mbale.

"Yankhani," anatero mkaziyo.

"Ndikudya, mayi a ana."

"Mukudya chiyani? Inu munakhuta kale ulemu. Siyirani ana. Nyamukani, wodwala wanu akuuma."